Funsani Mmisiri: Cholendewera cha Siliva Chopanda Kanthu M'kati, Chokhala ndi Mwala ndi Golide

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akufunsa za ntchito imodzi, yomwe ndi kuumba chokongoletsera cha m'khosi ndi dongo la siliva. Tawasanja motsatira ndondomeko ya ntchitoyo.

Funso: Ine ndimatunga mikanda n'kumagulitsa. Mchemwali wanga amene amakhala ku Johannesburg wanditumizira kapaketi ka magalamu 20 kolembedwa kuti Art Clay Silver, ndipo akuti ndi dongo limene limasanduka siliva likawotchedwa. Ndikufuna kuumba cholendewera cha pa mkanda chozungulira, chotumphuka mbali zonse ziwiri, chopanda kanthu m'kati kuti chisalemere pakhosi, chokhala ndi mwala pakati komanso golide pang'ono m'mbali. Kodi ndi siliva weniweni? Nanga ndiyambire pati kuti ndisawononge dongo lodulali? *Mayi wa ku Ndirande, Blantyre*

Yankho: Mayi, mchemwali wanu sanakunamizeni. Chimene chili m'paketimo ndi ufa wosalala kwambiri wa siliva umene ausakaniza ndi madzi pang'ono komanso zomatira zimene zimapsa pa moto. Mukachiwotcha, zomatirazo zimatha, ndipo timibulu ta silivato timagwirana tokhatokha popanda kusungunuka, kotero kuti chotuluka m'ng'anjo chimakhala siliva wa 999, kutanthauza kuti magawo 999 pa magawo 1000 alionse ndi siliva weniweni, woyera kuposa wa 925 amene amapangira mphete zambiri za m'masitolo. Dongoli linayambira ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya Mitsubishi Materials inatulutsa lake lotchedwa PMC, ndipo ya Aida Chemical Industries inatulutsa Art Clay Silver limene muli naloli. Popeza madzi ndi zomatira zimachoka, chimene mwaumbacho chimafota ndi magawo 8 mpaka 10 pa magawo 100 alionse, choncho muumbe chokulirapo pang'ono kuposa mmene mukufunira.

Musanatsegule paketiyo, dziwani kuti ntchito yonseyi imayendetsedwa ndi moto. Siliva amafuna moto waukulu, golide amafuna wochepa, ndipo miyala yambiri yamtengo wapatali siufuna n'komwe. Chimene chimapirira moto waukulu ndicho chimatsogola, chofooka chimabwera pomaliza, ndipo anthu ambiri amene amaononga dongo lawo amalakwitsa ndondomeko imeneyi osati kaumbidwe.

Pali njira ziwiri zopezera mphako m'kati mwa cholendewera. Yoyamba ndiyo kuumba kaye chapakati ndi dongo la cork (khungwa lopepuka la mtengo limene amatsekera mabotolo a vinyo) kapena la utuchi, kuchiumitsa, kenako n'kuchikuta ndi dongo la siliva kuti chidzapsere m'kati n'kusiya mphako. Njirayi imathandiza pa zinthu za maonekedwe ovuta monga kambalame kapena kachipanda, koma imafuna ng'anjo yokweza moto pang'onopang'ono, imatulutsa utsi wambiri, ndipo chapakaticho chikapanda kuumitsitsa chimang'amba siliva. Kwa inu amene mukuyamba kumene, ndiponso muli ndi magalamu 20 okha, ndikulimbikitsa njira yachiwiri, youmba tizigoba tiwiri padera n'kutilumikiza titauma. Dongo lanulo likwana cholendewera cha masentimita 3 m'mimba mwake, ndipo lina litsala.

Konzani zipangizo zonse dongo lisanatuluke m'paketi, chifukwa limayamba kuuma pakangopita mphindi zochepa lili pa mphepo. Dzolani kadontho ka mafuta a olivi m'manja, pa pepala lapulasitiki limene mugwirirepo ntchito, ndi pa kachidutswa ka paipi yapulasitiki kamene mupsinjire dongolo. Musagwiritse ntchito Vaseline kapena mafuta ena ochokera ku petulo, ndipo musaike dongoli pa chiwiya cha aluminiyamu, chifukwa chimalidetsa moti siliva wake amatuluka ndi zipsera. Kuti dongo likhale lochindikala mofanana ponseponse, amisiri amaika milu iwiri ya makadi osewerera, wina kumanzere wina kumanja, n'kugudubuza paipi pamwamba pa makadiwo dongo lili pakati. Makadi anayi mbali iliyonse amapereka kuchindikala kopitirira pang'ono milimita imodzi, ndipo ndi kokwanira. Ngati mukufuna mizere yokongola, yalani tsamba la mitsempha yooneka bwino pa dongopo, chotsani khadi limodzi mbali iliyonse, n'kugudubuzanso kamodzi kokha. Kenako dulani tizidutswa tiwiri tozungulira ndi chitsekero cha botolo, ndipo zotsala muzikulunge msanga m'pulasitiki pamodzi ndi kadontho ka madzi.

Tengani mababu awiri akale a magetsi ofanana kukula, aimikeni m'makapu, adzozeni mafuta pang'ono, ndipo yalani kachidutswa kalikonse pamwamba pa babu lake, mukusisita m'mphepete ndi chala mofatsa mpaka katagona bwino popanda makwinya. Tisiyeni tiume pomwepo. Tikauma tidzachoka tokha, ndipo apa m'pamene pali ntchito imene anthu amaithamangira pomwe ndiyo mwini nkhani. Yalani sandipepa yosalala pa galasi lathyathyathya, vundikirani kachigoba pamenepo, n'kumakayendetsa mozungulira popanda kukakanikiza, mpaka m'mphepete mwake mutaoneka kamzere kathyathyathya kotambalala ngati milimita imodzi kuzungulira konse. Chitani chimodzimodzi ndi kachigoba kachiwiri, ndipo mutiyese pogwirizanitsa milomo yake moyang'ana kowala. Ngati kuwala kukudutsa penapake, bwererani pa sandipepa. Fumbi limene likugwa musalitaye ayi, popeza ndi siliva yemweyo. Lisonkhanitseni m'kabotolo, thiranimo madontho a madzi, ndipo mudzapeza phala lomatira limene mukulifuna pa gawo lotsatira.

Malo a mwala akonzedwe pa kachigoba kakutsogolo musanalumikize, monga ndafotokozera m'yankho lachiwiri m'munsimu. Mukatero, nyowetsani milomo ya tizigoba tonse tiwiri ndi kabulashi konyowa, pakani phala lolimbirapo, tigwirizanitseni, ndipo mutigwire choncho kwa mphindi imodzi. Phala lotuluka m'mbali lisiyeni liume, mudzalipala pambuyo pake, ndipo paliponse pamene paoneke kamng'alu mubwerezepo phala mpaka msoko utasowa. Pafupi ndi m'mphepete mwa pamwamba boolani kabowo kodutsa tizigoba tonse tiwiri, pozunguza ndi zala kachitsulo kakang'ono koboolera. Kabowoko kali ndi ntchito ziwiri. N'komwe mudzapisemo kamphete kokolekera pa mkanda, komanso n'kotulukira mpweya ndi nthunzi pa nthawi yowotcha, chifukwa chinthu champhako chotsekeka ponseponse chikhoza kutupa kapena kung'ambika mpweya wa m'kati ukafutukuka.

Pa nkhani ya kuumitsa ndikupemphani kuti mudekhe. Cholendewera champhako chimanyenga, chifukwa kunja chimaoneka chouma pomwe m'kati, makamaka mu msoko, mudakali chinyezi. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Chisiyeni tsiku lathunthu pa malo ofunda, kenako chitenthetseni pang'ono n'kuchiika pa kalilole wozizira kwa masekondi angapo. Mukachinyamula n'kuona kachizindikiro ka nthunzi pa kalilolepo, ndiye kuti sichinaume.

Pochiwotcha, chigonekeni m'kambale kadothi kosapaka utoto mmene mwathiramo timiyala topepuka tosapsa ndi moto totchedwa vermiculite, kapena pa bulangeti la m'ng'anjo losapsa, kuti chisaphwanyike mbali imodzi siliva akafewa. Art Clay Silver imapsa pa madigiri 650 a Celsius kwa mphindi 30, koma kumeneko ndi kuchepetsetsa. Moto wokwererapo ndiponso wa nthawi yaitali umachititsa timibulu tija kugwirana kwambiri, ndipo amisiri ambiri amawotcha pa madigiri a pakati pa 800 ndi 900 ngati mwala wake ukulola. Musapyole 900, chifukwa siliva amasungunuka pa madigiri 962 ndipo ng'anjo zina zimatentha kuposa zimene zikuonetsa. Werenganinso kapepala ka m'paketi mwanu. Chikatuluka chidzaoneka choyera mbee ngati chopakidwa laimu, koma musachite mantha, ndi mmene siliva wosapukuta amaonekera. Musachikweche kapena kuchigwiragwira ndi zala ngati mukufuna kuikapo golide.

Funso: Kwathu kuno anthu amakumba aquamarine, ndipo ine ndili ndi timiyala tingapo tosema kale, komanso agate wabuluu amene ndinagula kwa munthu wochokera ku Ngabu. Kodi ndingaikanikize miyala imeneyi m'dongo la siliva n'kuwotchera limodzi? *Bambo wa ku Mzimba*

Yankho: Bambo, musatero, ndapota nanu. Miyala iwiri yonseyo singapirire moto umene siliva amafuna. Aquamarine amayamba kusintha mtundu pa madigiri ozungulira 400, ndipo n'chifukwa chake ogulitsa amamutenthetsa pang'ono dala kuti achotse kubiriwira, koma mukamufikitsa pa 650 mukhoza kumupeza atatuwa kapena atang'aluka. Agate ndi wa m'banja la quartz, ndipo quartz amasintha kapangidwe kake ka m'kati pa madigiri 573, kusintha kumene kumamufutukula mwadzidzidzi n'kumuswa. Zimenezi zikukhudzanso quartz wapinki wa kwanu konko ndi amethyst wochokera kum'mwera kwa Zambia, amene amasanduka wachikasu kapena kutheratu mtundu asanafike n'komwe pa moto wa siliva. Emerald wa ku Lufwanyama ali ndi timing'alu tambiri tachibadwa ndipo kawirikawiri amakhala atathiridwa mafuta, choncho nayenso asayandikire ng'anjo, chimodzimodzinso opal, malachite ndi ngale.

Miyala imene ingawotchedwe limodzi ndi dongo popanda nkhawa ndi yopangidwa m'mafakitale, monga cubic zirconia woyera, ruby ndi sapphire zopanga, ndi spinel wopanga. Mitundu ina ya garnet imapirira moto wotsika wa 650. Mwina mungafunse za ruby ndi sapphire za ku phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, poti yonse iwiri ndi mitundu ya corundum, mwala wopirira kutentha. N'zoona, koma mwala wachilengedwe umakhala ndi timing'alu ndi tizinthu tina m'kati timene maso saona, ndipo ine sindingaike pa moto mwala umene sindingathe kuugulanso.

Kaikidwe ka mwala wopirira moto n'kotere. Umbani kampira kakang'ono ka dongo, kaphwatalaleni kuti kachindikale kuposa msinkhu wa mwalawo pang'ono, kabooleni pakati ndi kapaipi komwera zakumwa, ndipo kanikizani mwalawo m'bowomo nsonga yake italoza pansi. Ulowe mpaka m'chiuno mwake, pamene pali potambalala kwambiri, mutamira pang'ono kunsi kwa dongo, ndipo pamwamba pake pakhale poongoka. Dongo likamafota pa moto limaugwira m'chiunomo mwamphamvu, koma ngati chiunocho chatsala pamwamba, kufota komweko kumaulavula. Kampirako kakauma mumakamata ndi phala pa bowo limene mwaboola pakati pa kachigoba kakutsogolo. Musanawotche pukutani mwalawo ndi kathonje ka spiriti, chifukwa kafumbi kalikonse ka dongo kotsalira pamenepo kadzasanduka siliva womatirira. Mukawotcha musachiviike m'madzi kuti chizizire msanga, chisiyeni chizizire chokha.

Miyala yanuyo ili ndi njira yake, ndipo ndi imene imatulutsa ntchito yooneka bwino koposa. Mumapanga kampanda ka waya wopyapyala wa siliva wa 999 kokwana bwino mwalawo, n'kuuika mwalawo ntchito zonse za moto zitatha. Chovuta n'chakuti waya safota pomwe dongo limafota, choncho mukazika kampandako m'dongo losapsa pa chinthu chotumphuka, chigobacho chikhoza kupindika kapena kung'ambika m'mbali mwa wayamo. N'kwanzeru kusiya malo athyathyathya pakati pa kachigoba, kuwotcha cholendeweracho kaye, kumata kampandako ndi phala lolimba la siliva, n'kuwotchanso kachiwiri. Siliva wa 999 saonongeka ndi kuwotcha kobwereza. Golide akaikidwa ndipo kupukuta kukatha, m'pamene mumalowetsa agate wanu n'kupinda mlomo wa kampandako pang'onopang'ono, kuyambira mbali zoyang'anizana, mpaka mwala utasiya kugwedera. Agate wabuluu wa ku Ngabu, atasemedwa mosalala pamwamba ndi mwathyathyathya pansi, amakhala bwino kwambiri pa siliva, ndipo ndi chinthu chimene wogula wa kunja sangachipeze paliponse.

Funso: Ndinagula golide wopyapyala amene amamata pa mafelemu a zithunzi, ndipo nditamuika pa siliva wotentha anangozimirira, kutsala timawanga totuwa. Kodi anandigulitsa wabodza, kapena pali chimene sindinachite bwino? *Mayi wa ku Chipata, Zambia*

Yankho: Mayi, akanakhala wabodza, wa mkuwa wosakaniza uja, akanada bii n'kuyoyoka. Poti anazimirira, n'kutheka kuti anali weniweni, koma wopyapyala mopitirira muyeso. Golide wa pa mafelemu ndi wopepuka moti amauluka ndi mpweya wa m'kamwa, ndipo akakhudza siliva wotentha amalowerera m'kati mwake n'kusowa. Amene mukufunika ndi golide wa makarati 24 wochindikalapo, amene amagulitsidwa ndi dzina la keum-boo, loti mungathe kumudula ndi sizasi n'kumunyamula ndi kopanira osang'ambika.

Keum-boo ndi luso lakale la ku Korea lomata golide pa siliva popanda chomatira chilichonse. Zitsulo ziwirizi zikatenthedwa pang'ono n'kukanikizidwa pamodzi, zimalowerana pamene zakhudzana n'kugwirana kotheratu. Siliva wotuluka m'dongo ndi woyenera kwambiri ntchitoyi chifukwa alibe mkuwa, pomwe wa 925 amada akatenthedwa ndipo amafuna kutsukidwa kambirimbiri golide asanagwire. Nthawi yabwino ndi pamene cholendewera changotuluka m'ng'anjo n'kuzizira, chidakali choyera, chisanakhudzidwe ndi mafuta a m'manja.

Ikani golide pakati pa pepala lopinda n'kudula pepala ndi golide limodzi, kuti asakwinyike. Yalani kachitsulo kathyathyathya ka mkuwa pa mbaula yamagetsi, ikani cholendewera pamenepo golide ali pa malo ake, n'kuyatsa. Kutentha kofunika ndi kwa madigiri a pakati pa 300 ndi 400 basi. Kuti mudziwe kuti kwafika, khudzitsani pa silivapo kamtengo ka machesi kochotsa mutu, ndipo kakayamba kupserera n'kusiya kachizindikiro kofiirira, nthawi yakwana. Valani magolovesi achikopa, gwirani cholendewera ndi kopanira, dinani pakati pa golide ndi chopukutira chosalala cha agate kuti agwire, kenako sisitani kuchokera pakati kupita m'mphepete mpaka paliponse patagona. Pakatumphuka kathuza kabooleni ndi nsonga ya singano n'kusisitanso. Chopukutira chikatentha chimayamba kumata golide, choncho khalani ndi ziwiri zosinthana, ndipo cha agate musachiviike m'madzi chifukwa chimasweka.

Pa cholendewera champhako pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Chimakhudza chitsulo chotenthacho pa kamalo kakang'ono, choncho kutentha kumachedwa kufika pamwamba ndipo muyenera kudikira nthawi yaitali kuposa pa chinthu chathyathyathya. Komanso siliva wongotuluka pa moto ndi wofewa, moti mukakanikiza ndi mphamvu pakati pa chigoba mudzachifinya, ndipo pofinyika potere n'povuta kupatukula poti m'kati simungalowe chipangizo. N'chifukwa chake ndimakonda golide wa m'mbali, pafupi ndi msoko, pamene chigoba chili cholimba. Golide akagwira musabwezerenso cholendeweracho m'ng'anjo, chifukwa moto waukulu udzamumeza monga unachitira ndi woyamba uja.

Chikazizira, chikwecheni ndi bulashi ya waya wofewa wa mkuwa m'madzi a sopo kuti siliva awale. Ngati mukufuna kuti golide aoneke kwambiri, detsani siliva ndi mankhwala a liver of sulfur, amene amadetsa siliva koma osakhudza golide. Akasowa, tsekerani cholendeweracho kwa maola angapo m'kabotolo pamodzi ndi dzira lophika lotentha lophwanyaphwanya, popeza sulufule wa m'dziramo amagwira ntchito yomweyo ngakhale mochedwa. Kenako pukutani malo okwera kuti kuda kutsale m'mizere mokha.

Funso: Ndilibe ng'anjo yamagetsi, ndipo kwathu magetsi amazimazima. Kodi mbaula ya makala singagwire ntchito imeneyi? *Mnyamata wa ku Kasungu*

Yankho: Achimwene, vuto la makala si kuchepa kwa moto koma kusalamulirika kwake. Makala okupizidwa bwino akhoza kusungunula siliva, pomwe pambali pang'ono pokha moto sufika n'komwe pa 650, ndiye cholendewera chanu chikhoza kusungunuka mbali ina pamene mbali inayo idakali yosapsa, yothyoka ndi zala. Chimene chingakuthandizeni ndi chowotchera chaching'ono cha m'manja cha gasi wa butane, chimene chimakwanira zinthu zosapitirira magalamu 25. Chigwiritseni ntchito pa cholendewera cha tizigoba tiwiri chokha, chokhala ndi kabowo kotseguka, osati chimene chili ndi cork m'kati.

Chiikeni pa njerwa yosapsa ndi moto, m'chipinda chamdima pang'ono koma cholowa mphepo, ndipo muyambe ndi lawi lili patali, mukuliyendetsa mozungulira. Mudzaona utsi ndi kalawi kakang'ono pamene zomatira zikupsa. Pitirizani mpaka chonse chitafiira mofanana ndi m'kati mwa papaya wakupsa, ndipo muyambe kuwerenga nthawi kuchokera pamenepo, mukusunga mtundu womwewo kwa mphindi zosachepera zisanu. Mukaona pena pakung'anima ngati panyowa, kwezani lawi msangamsanga chifukwa pamenepo siliva wayamba kusungunuka. Chikazizira chitembenuzeni n'kuwotchanso mbali inayo, popeza mphako imalepheretsa kutentha kufika bwino pa chigoba chapansi. Ngati mudzapeze ng'anjo ya mnzanu ndipo magetsi n'kuzima nthawi isanakwane, musachitulutse. Akayaka muyambirenso kuwerenga nthawi kuchokera pachiyambi, pamene ng'anjoyo yafikanso pa madigiri oyenera.